Nachanza ndi Nsalu ya Nsato

Kalekale, inu nonse amene mwakhala pano, nyama zikadayankhula monga tikuyankhulira ifemu, kunali msulu wina wamkazi, dzina lake Nachanza. Ankakhala ndi amuna ake, a Kwenda, m'dzenje la pansi pa mkuyu, m'mphepete mwa dambo. Ntchito yawo inali ya chiwondo, nsalu ija ya makungwa. A Kwenda ankasenda makungwa a mombo. Nachanza ankawasasantha ndi chibonga pa chipika, kusasantha, kusasantha, mpaka afewe. Nyama zinkabwera kudzatenga nsalu, wina atanyamula uchi, wina mapira, wina bowa.

Masiku amenewo nsalu zonse zinali za mtundu umodzi, wotuwa ngati fumbi la m'njira. Ya mkwati yotuwa. Ya namfedwa yotuwa. Palibe amene ankadandaula, pakuti palibe amene anaonapo ina.

Tsono Nachanza anali ndi nthenda yake. Nthendayo inali funso. Akaona nyerere zitandandana, ankaima n'kuti, "Chifukwa chiyani?" Akaona chitsime chikufuka nthunzi m'mawa, ankati, "Chifukwa chiyani?" A Kwenda ankangopukusa mutu.

"Akazanga, funso silikhutitsa. Sasanthani makungwa."

Tsiku lina Njovu anadutsa n'kuthyola nthambi ya mlombwa. Pansi pa mlombwawo Nachanza anali atayanika nsalu. Mtengo unayamba kukha utomoni, dontho, dontho, wofiira ngati magazi. Pokaanula anapeza nsalu ili psuu mbali imodzi.

"Yaonongeka," anatero a Kwenda. "Kachapeni."

Nachanza anakachapa. Kufiira sikunachoke. Anachapanso. Sikunachoke. Apo mtima wake unadumpha. Anatola tizibenthu ta nthambi yothyoka ija, anatiponya mumphika, anawiritsa, n'kunyikamo nsalu yonse. Ponyika ankaimba:

Nyika, nyika, Nachanza,
madzi akuti chiyani?
Khungwa layankhula, muzu wayankha,
nyika uone.

Povuula, nsalu inali yofiira kuyambira uku mpaka uko. A Kwenda anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino. Koma mphikawo unali wa ndiwo."

Tsiku lina anakumana ndi Nguluwe, mphuno yake ili yowala ngati duwa la dzungu.

"A Nguluwe, mwadya chiyani kuti mphuno ioneke chonchi?"

"Ine mphuno yanga sindiiona, mayi. Ndafukula mizu apo."

Nachanza anapita pamene anafukulapo. Anapeza mizu ya chikasu. Anaisinja mumtondo, anaiwiritsa, ananyikamo nsalu. Inatuluka yowala ngati mphuno ya Nguluwe. Koma iyi inali ndi mwano. Ukaichapa, inkachucha. Ukaiyanika, inkasuluka. Nachanza anayesa kuthira mchere, osatheka. Anayesa uchi, nyerere zinamuthokoza. Pomaliza anayamba wawiritsa nsalu m'makungwa a mthethe, kenako n'kuinyika m'chikasu. Chikasu chinagwira nji.

"Kani mthethe ndi nkhoswe," anadziuza yekha. "Umagwirizanitsa nsalu ndi utoto kuti banja lisathe."

Tsiku linanso mphepo inaulutsa nsalu ziwiri n'kukaziponya m'matope a kudambo, muja mumagubuduka njati. Imodzi inali yowiritsidwa mumthethe, inayo ayi. Nachanza anazichapa zonse. Yosawiritsa ija inayera bwinobwino. Yowiritsa ija inatsala bii, ngati khala. Anakhala pansi pomwepo, nsalu ina kudzanja ili, ina kudzanja ili.

"Matope paokha ndi litsiro. Mthethe paokha ndi madzi ofiirira. Koma zikakumana zimabala mwana wosafanana ndi bambo, wosafanana ndi mayi. Chifukwa chiyani?"

Matope sanamuyankhe. Koma kuyambira tsikulo anadziwa kuti utoto umakwatirana. Anasakaniza mlombwa ndi chikasu, kunatuluka mtundu wa lawi la moto. Anasakaniza mlombwa ndi matope pang'ono, kunatuluka mtundu wa nthudza yakupsa. Miphika inachuluka pabwalo. Manja ake sankayeranso. Mnzake wapamtima, Gwape, atabereka mwana, Nachanza anamunyikira mbereko yofiira, ndipo dambo lonse linabwera kudzaona. Mwana anamuona pang'ono, mbereko anaiona kwambiri.

Mbiri ikamayenda sisankha khutu. Inakafika kwa Nsato.

Nsato wa masiku amenewo sanali ngati wa lero. Anali woyera mbee, ngati ufa wa pamphasa. Akabisala mu udzu, ankaoneka. Akabisala m'matope, ankaoneka. Mbalame zinkamuona ali kutsidya n'kuchenjeza dambo lonse. Nsato anaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo nthiti za nsato, inu, n'zambiri.

M'mawa wina Nachanza akusonkha moto pa miphika yake, a Kwenda akadali m'dzenje, anamva mawu ofatsa kumbuyo kwake.

"Odi kuno."

Anacheuka. Nsato anali atatseka kale khomo la dzenje ndi mchira wake. Thupi linazungulira mkuyu, mutu n'kudzafika pa mafuwa.

"Fikani, a Nsato," anatero Nachanza. "Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka ndi njala, mayi. Dzulo ndinadzukanso ndi njala. Ndamva kuti manja anu amasintha mtundu wa zinthu."

"Ndimangoyesayesa."

"Mundiyesere ine. Ndikufuna nsalu ya mtundu wa tchire. Ndikaivala n'kugona mu udzu, diso lisandipeze. Ndikupatsani mpata katatu. Mukakhoza, amuna anu atuluka. Mukalephera kachitatu, ndidya iwo. Ndi ochepa, koma m'mimba mwanga malo alipo."

Nachanza anachita mantha, ndipo mantha ake anali enieni. Koma ndikuuzeni zoona, pansi pa manthawo panayamba kunyereza kanthu kena. Mtundu wa tchire? Kodi tchire ndi la mtundu wanji? Anali asanadzifunsepo.

Analumikiza nsalu zisanu ndi luzi n'kuzisoka ngati thumba lalitali, kusiya potulukira mutu ndi potulukira mchira. Inali nyengo ya chisanu, udzu utauma. Anauyang'ana udzuwo n'kuti, "Uwu ndi chikasu." Anasinja, anawiritsa, ananyika, akuimba nyimbo yake ija. Nsalu itauma anamuveka Nsato. Nsato anagona mu udzu, mchira uli pakhomo pa dzenje, n'kukhala phee.

Sipanapite nthawi, Pusi anafika mu mkuyu kudzadya nkhuyu. Anayang'ana pansi n'kuyamba kuseka.

"A Nsato, mwavala bwino. Ukwati uli kuti?"

Nsato anadzutsa mutu. "Kamodzi," anatero.

Nachanza anatenga udzu wouma m'manja n'kuuyang'anitsitsa. Anaona kuti wanamizidwa ndi maso ake omwe. Udzu suwala ngati duwa. Uli ndi kutuwa, uli ndi kufiirira kwa fumbi. Anawiritsa mthethe wambiri, anathiramo tizibenthu tiwiri ta mlombwa, n'kunyikamo nsalu ya chikasu ija. Anavuula, anayerekeza ndi udzu. Ananyikanso, anayerekezanso. Atanyika kasanu, nsalu ndi udzu zinali pachibale.

Nsato anavala n'kugona. Pusi anabwera, anadya nkhuyu, sanaseke. Nachanza anagwira mpweya. Kenako kunabwera Nkhanga, akutolatola. Anaima, anapendeketsa mutu.

"Chipika chosalala chonchi chachokera kuti? Chopanda mfundo, chopanda chiswe. Komanso chikupuma."

Anauluka akulira. Nsato anadzutsa mutu. "Kawiri," anatero. "Amuna anu akundikanda mchira. Auzeni asiye."

M'mawa mwake Nachanza sanathamangire ku mphika. Anakagona chafufumimba m'tchire, chibwano pansi, n'kumangoyang'ana. Anayang'ana mpaka khosi kuwawa. Dzuwa litakwera anaona chimene chinali pamaso pake masiku onse. Tchire si la mtundu umodzi. Apa pali udzu wowala. Apa pali mthunzi wa tsamba. Apa pali dothi. Apa mthunzi waduka, kuwala kwalowa, mthunzi wayambanso. Diso silipeza chinthu ndi mtundu wake wokha. Limachipeza ndi mzere wake, poyambira ndi pothera. Ukaduladula mzerewo, diso limasochera.

Anathamanga kubwerera kunyumba, ndipo ndikuchita manyazi kunena, ankamwetulira.

Anatenga luzi n'kumanga nsalu mfundo, apa mfundo yaikulu, apa yaing'ono, osatsata mzere. Ananyika mu mlombwa wosakaniza ndi mthethe. Pomangapo utoto sunalowe. Anamasula, anamanganso pena. Kenako anatapa matope a kudambo n'kumapaka ndi chala, kuzungulira mawanga, apa mokhuthala, apa mopyapyala. Nyimbo inkangotuluka yokha:

Nyika, nyika, Nachanza,
madzi akuti chiyani?
Khungwa layankhula, muzu wayankha,
nyika uone.

Atachapa n'kuyanika pa udzu, anapita kukamwa madzi. Pobwera anaifunafuna nsaluyo. Anaipeza ndi phazi.

Nsato anavala n'kugona. Pusi anabwera, anadya, anapita. Nkhanga anabwera, anatola mbewu pafupi ndi mimba ya Nsato, anapita. Mtima wa Nachanza unkavina. Ndakhoza, ankati mumtima, ndakhoza, tchire ndalipeza.

Ndiye kunamveka mawu kunjira. "Odi, achemwali."

Anali Gwape, mwana wake akudumphadumpha patsogolo. Gwape analumpha thupi la Nsato osadziwa kuti walumpha kanthu. Anaima n'kuyamba kufotokoza za chifuwa cha mwana, za mtengo wa mankhwala, za apongozi ake. Mwana uja anapita kumbali, akununkhiza udzu. Ananunkhiza apa. Ananunkhiza apo. Anaima pamene Nachanza ankadziwa kuti pali mutu. Pakati pa mphuno ya mwana ndi kamwa la Nsato panali mpata wa chikhatho chimodzi. Nachanza anaona kalilime kakutuluka mu udzu, n'kubwerera.

Kuvina kwa mumtima kunathera pomwepo.

"Achemwali, tengani mwana muzipita," anatero. "Ndatanganidwa."

"Ndangofika kumene."

"Ndati muzipita."

Gwape anamuyang'ana modabwa, anaitana mwana, anachoka osatsanzika.

Nsato anadzutsa mutu pang'onopang'ono. "Mwaona kudziletsa kwanga, mayi? Ndikadagwira kamwanako lero, dambo lonse likadadziwa za nsalu. Ine ndikufuna kudya chaka chonse. Mwakhoza."

Nachanza anati, "Sinathe, a Nsato. Utoto sunakhwime. Ikakhudza madzi ichucha. Ndipatseni mpaka mawa m'mawa."

"Mpaka mawa m'mawa," anavomera Nsato. Anavula nsalu, anatambasula thupi lake lalitali, mutu n'kukauika kutali pa thanthwe kuti awothe dzuwa. Mchira unatsala pakhomo. Koma mchira ulibe makutu.

Nachanza anagwada pa kampata kamene ankapatsirapo amuna ake chakudya.

"Bambo, mwamva?"

"Ndamva zonse," anayankha a Kwenda mkatimo. "Ndamvanso mukuimba."

A Kwenda anapitiriza.

"Akazanga, zaka zonsezi mwafunsa nyerere, mwafunsa chitsime, mwafunsa matope. Masiku atatu ano mwafunsa udzu. Koma simunafunse kuti nsaluyi idya ndani."

"Ndimafuna kukupulumutsani."

"Tsiku loyamba, inde. Dzulo ndi lero mumafuna kudziwa. Sindikukudzudzulani, ndinakukwatirani ndikudziwa. Koma tsopano iponyeni pamoto. Ine ndine mmodzi, ndipo mano anayamba kale kugwedera. Dambo ndi lalikulu."

"Sindingathe."

"Ndiye mupatseni."

"Sindingathenso."

"Basi ndiphikireni thelere," anatero a Kwenda. "Kaya ndifa kaya sindifa, njala ndiye ilipo."

Nachanza anatenga phale lobowola, anaikamo phulusa la zitsononkho, anathira madzi kuti acheze chidulo cha thelere. Misozi inkamutchinga m'maso. Ponyamula chidulocho, madontho anagwera pa kachigamba ka nsalu ya chikasu kamene kanatsala pa ntchito ya tsiku loyamba. Anapukuta maso kuti aone pothira. Anaona kachigamba kaja. Pamene panagwera chidulo panali psuu, kufiira koposa kwa mlombwa.

Anaika mphika pansi.

"Chifukwa chiyani?" ananong'ona.

Anatenga kachigamba kena, anadonthezera madzi okha. Palibe chinachitika. Anawaza phulusa louma. Palibe chinachitika. Anadonthezera madzi pa phulusalo. Chikasu chinayamba kusanduka, pang'ono, pang'ono, mpaka chinafiira ngati bala. Anayesanso ndi phulusa la udzu. Chinafiiranso, ngakhale mochedwerapo.

Anakweza maso kuyang'ana kutsidya kwa dambo. Masiku apitawo moto unali utadutsa kumeneko. Lupsa linali bii, phulusa lokhalokha, ndipo kupitirira lupsalo kunali udzu wautali, m'mbali mwa njira imene nyama zinkadzera popita kukamwa madzi. M'nyengo ya chisanu, m'mawa uliwonse, dambo limadzuka litanyowa ndi mame.

"Thelere lija?" anafunsa a Kwenda.

"Dikirani, bambo."

"Ndadziwa," anatero a Kwenda. "Mwapeza funso lina."

Anasinja chikasu chonse chimene anali nacho. Anachiwiritsa chokhathamira. Ananyikamo nsalu ya Nsato, osati kuti mtundu usinthe kwambiri, koma kuti chikasu chikhute paliponse, pa mawanga owala ndi pa ofiirira pomwe. Anaisiya mumphika kuti imwe. Dzuwa lisanalowe anauza Nsato kuti akukatunga madzi, n'kuthamangira kwa Gwape.

Gwape anamulandira ndi msana.

"Achemwali, mutabwera kwathu muja munalumpha Nsato," anatero Nachanza. "Mwana wanu ananunkhiza pakamwa pake. Simunamuone chifukwa anavala nsalu imene ndinanyika ine."

Gwape anatembenuka. Anakokera mwana wake pakati pa miyendo. "Inuyo? Ndi manja omwe ananyika mbereko ya mwana uyu?"

"Omwewa. Watsekera amuna anga m'dzenje. Koma sindinama, nsaluyo ndinaipanga ndi mtima wonse. Ndinakondwa itatheka."

Gwape anati, "Za kukondwako tidzakambirana. Mwabwera kudzatani?"

"Pitani kwa a Njati. Auzeni kuti mawa m'mawa gulu lawo likaime m'mphepete mwa lupsa. Akaona chinthu chofiira chikukwawa, asafunse kuti n'chiyani."

"Nanga chikapanda kufiira?"

"Chikapanda kufiira, musadzadzerenso njira ya kumadzi. Ndipo ine musadzanditchulenso kuti chemwali."

Kunacha. Nachanza anavuula nsalu, anaifinya, koma nthawi yoyanika panalibe. Anamuveka Nsato ikadali yachinyezi.

"Ikuzizira," anadandaula Nsato.

"Ndi mmene umakhwimira utoto. Iumira pathupi."

"Ndipite kuti? Inu mumayenda, mumadziwa kumene nyama zikudzera."

"Udzu wautali uli kutsidya kwa lupsa, pa njira ya kumadzi. Mukadutsa palupsa msanga, dzuwa lisanakwere, mukafika nyama zisanabwere."

Nsato anakulunga mwala waukulu ndi thupi lake n'kuugubuduzira pakhomo pa dzenje. "Ndikakhuta ndidzauchotsa," anatero, n'kulowa mu udzu. Nachanza anamutsatira ndi maso mikono iwiri yokha. Kenako anangoona udzu.

Anathamanga n'kukakwera pa chulu cha m'mbali mwa dambo. Anaimirira ndi miyendo yakumbuyo kuti aone patali. Kutsidya kunali njati, zikudya ngati sizikudziwa kanthu. Anaona Nsato akutuluka mu udzu n'kulowa palupsa. Phulusa linamumata, anada ngati lupsa lomwelo. Ankakwawa. Nsalu sinasinthe. Ankakwawa. Sinasinthe. Nachanza anayamba kudzifunsa. Kapena phulusa la udzu ndi lofooka? Kapena mame achepa?

Nsato anafika potsetsereka, pamene nkhungu imagona. Pamenepo zitsa za udzu zinali zolemera ndi mame. Anadutsa pakati pake, mame akumutsuka, phulusa likusungunuka n'kulowa munsalu. Kumimba kunayamba kufiira. Kufiirako kunakwera m'nthiti. Kunafika pamsana. Potuluka palupsa n'kulowa mu udzu wotuwa uja, Nsato anali psuu kuyambira khosi mpaka mchira, ngati mkanda wa mkwati utatayidwa pamphasa. Iye sankadziwa. Wokwawa amayang'ana kutsogolo.

Anadzikulunga m'mbali mwa njira n'kukhala phee, akudikira chakudya.

Nkhanga ndiye anayamba kulira. Pusi analandira. Njati wamkulu wa gulu anadzutsa mutu, anafwenthera, n'kuyamba kuyenda. Anzake anamutsatira. Kuyenda kunasanduka liwiro. Nthaka inanjenjemera.

Nsato anamva kunjenjemerako m'mimba mwake. Anati, sakundiona, angodutsa. Anakhalabe phee. Atacheuka kuti aone kumene adzere, anaona thupi lake lomwe. Ziboda zinali zitafika. Chimodzi chinaponda nsalu cha kumchira n'kuikanikiza pansi. Nsato anadzikoka ndi mphamvu zake zonse, anapulumukira potulukira mutu paja, n'kuisiya nsalu ili mbwee. Njati zinaipondaponda mpaka inasanduka matope.

Nyama zonse zinkayang'ana nsalu. Nachanza yekha ankayang'ana Nsato. Nsato sanali woyeranso. Nsalu ija anamuveka yonyowa. Phulusa linafiiritsa kunja kokha, koma mkati utoto unali utalowa m'mamba, chikasu pake, mlombwa pake, matope pake, wanga lililonse monga analiika yekha ndi chala chake. Anamuona akulowa mu udzu. Kenako sanamuonenso.

Njati wamkulu anabwera kumkuyu n'kugubuduza mwala ndi nyanga imodzi. A Kwenda anatuluka akuphethira, anadziongola msana, anagwira dzanja la akazi awo. Nyama zinasonkhana pabwalo. Zinayamba kuimba ndi kuvina, zikutamanda nzeru za Nachanza.

Nachanza sanavine. Anakwera pa chipika chake chosasanthira n'kupempha kuti amumvere.

"Musanditamande msanga. Nsato wapulumuka, ndipo mawanga a nsalu atsala pathupi pake. Sadzachoka. Ndinawiritsa mumthethe ndekha, ndikudziwa. Kuyambira lero akagona mu udzu simudzamuona."

Ng'oma inaleka. Nyama zinayang'anana, kenako zinayang'ana udzu umene unazizungulira. Udzu womwe uja wa masiku onse unaoneka wachilendo.

"Ndiye titani?" anafunsa Gwape.

"Mawangawo ndinaika ndine," anayankha Nachanza. "Ndikudziwa pamene ndinamanga mfundo yaikulu ndi pamene chala chinaterereka. Diso langa likhoza kuwapeza pamene lanu lalephera. Ndisamuka pano. Ndikakhala pa chulu chija, poonekera dambo lonse. Ndikamuona ndidzakuwa."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

Gwape anamuyang'ana, anayang'ana mwana wake. "Mawa tidzera njira ya kuchulu popita kumadzi," anatero. "Mudzatiuze ngati kuli bwino, achemwali."

Anasamukadi. A Kwenda anakumba makomo ambiri pachulupo, chifukwa anati khomo limodzi anathana nalo. Miphika anaisamutsira komweko. Nachanza sanasiye kunyika, ndipo anapeza mitundu ina yambiri imene sindingathe kuitchula. Koma aliyense wobwera kudzafuna nsalu ankayamba wakhala pansi n'kufotokoza kumene akupita nayo. Ena ankabwerera chimanjamanja. Ndipo pakati pa ntchito, mphika uli pamoto, Nachanza ankasiya mthiko, n'kukwera pamwamba pa chulu, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, maso ali ku udzu. Ana ake anaphunzira kuima chomwecho. Adzukulu akenso. Mpaka lero mukadutsa pa chulu cha asulu mudzapeza mmodzi ataima njo, akuyang'anira anzake, ndipo nsato ndi msulu sapatsana moni.

Phunziro lake ndi ili, abale anga. Kufuna kudziwa n'kwabwino. N'kumene kunabweretsa mitundu pa nsalu, n'kumenenso kunapulumutsa a Kwenda. Koma luso lili ngati utoto wowiritsa bwino, likalowa silichoka, ngakhale litalowa pa thupi la mdani. Musanapereke ntchito ya manja anu, funsani kuti ikukatumikira ndani, pakuti chimene wapanga umachilondera moyo wako wonse.

Nthano yanga yaphwera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa, kafukuleni isanasanduke khala.